Jekete Limene Ndinalipha ndi Madzi Otentha

Jekete langa loyamba la kuntchito ndinaliwononga ndekha, ndi manja angawa, Lamlungu lina chakumapeto kwa Novembala 2023. Silinabedwe, silinadyedwe ndi makoswe. Ndinalichapa basi.

Ndimagwira ntchito pa kauntala mu ofesi ina yoona za ndalama pa boma la Mangochi. Tsiku limene ndinayamba ntchito anandipatsa majekete awiri abuluu wakuda ndi masiketi awiri, n'kundisainitsa pepala lonena kuti chovala chikawonongeka nthawi yake isanakwane, ndalama yogulira china idzadulidwa pa malipiro anga. Ndinasaina mosangalala, osawerenga kawiri. M'kati mwa kolala ya jekete lililonse munali kansalu koyera kolembedwa mawu atatu a Chingerezi: Dry clean only.

Chaka choyamba ndinamvera mawuwo ngati lamulo. Malo ochapitsira amene ndinkawakhulupirira anali ku Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 190 kudzera ku Liwonde ndi ku Zomba. Ndinkapatsira jeketelo msuweni wanga amene amapita kumeneko kukaoda katundu, ndipo linkabwera patatha mlungu umodzi, nthawi zina iwiri. Masiku onsewo ndinkavala linzakelo tsiku ndi tsiku. Amene anakhalako ku Mangochi mu Okutobala akudziwa chimene ndikunena. Pofika 9 koloko m'mawa mpweya umakhala ngati ukuchokera mu uvuni, ndipo magetsi akangozima mu ofesi, thukuta limayenderera msana wonse. Jekete lochapidwa lija pobwera, linzake linkakhala litafika poti ineyo mwini wake ndikulimva fungo.

Ndiye kunabwera Novembala uja, pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Shuga, mafuta ophikira, sopo, mtengo wa minibasi, zonse zinakwera mlungu womwewo, malipiro ali pomwepo. Usiku wina tinakhala pansi ine ndi bambo a kunyumba, kope la bajeti lili pakati pathu, tikufufuta chimene tingathe kukhala popanda. Fizi ya mwana sitikanaikhudza. Ufa sitikanaukhudza. Diso langa linagwera pa mzere wa "kuchapitsa majekete", ndipo ndinaona kuti ndalama ya ulendo umodzi, kuphatikizapo kangachepe kothokozera msuweni, inali yokwanira ndiwo za masiku angapo. Ndinaufufuta mzerewo ndi mtima wonse. Ndinadziuza kuti nsalu ndi nsalu, ndipo ine ndakhala ndikuchapa kuyambira ndili Sitandade 3.

Lamlungu m'mawa ndinatereka madzi pa mbaula. Ndinathira sopo waufa wodzaza dzanja m'beseni, n'kuviikamo jekete kwa ola lathunthu kuti litsiro lifewe. Kenako ndinalifikisa monga ndimachitira ndi jinzi ya mwana wanga, makamaka pakolala ndi m'khwapa, ndinalifinya mwamphamvu, n'kuliyanika pa waya dzuwa lili paliwombo. Madzi otsala m'beseni anali abuluu, koma ndinati limenelo ndi litsiro la chaka chonse.

Madzulo poanula ndinaima kaye n'kuliyang'ana. Manja anali atafupika moti mawondo a dzanja langa ankaonekera. Nsalu yoterera yam'kati inkalendewera kunsi ngati lilime. Kutsogolo, pachifuwa ponse, panali titatuza tambirimbiri ngati khungu la munthu amene wapsa ndi phala, ndipo kolala inali itapindika ngati utaka wouma pa thandala. Ndinati simbi ikonza. Ndinaikoleza, n'kusita mwachindunji pansalupo, ndipo pamene simbi inadutsa panatsala mzere wonyezimira umene sunachokenso. Lolemba abwana anga sananene zambiri. Anangoyang'ana jeketelo, n'kuyang'ana ine, n'kutulutsa pepala ndinasaina lija. Anandidula miyezi itatu, ndipo ndalama yonseyo ikanakwana kuchapitsa ku Blantyre chaka chathunthu n'kutsalako.

Safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa nditadya kale.

Pafupi ndi msika pali telala wina wachikulire amene amasokera pakhonde la sitolo, ndipo tonse timangowatchula kuti Ambuje. Monga amuna ambiri a kuno, unyamata wawo anauthera ku Joni, ndipo zaka zambiri anagwira ntchito m'nyumba yochapira masuti ku Johannesburg. Ndinawapititsira jeketelo ndili ndi kachiyembekezo koti mwina angalibweze. Analitembenuza, analinunkhiza, n'kupukusa mutu.

"Amayi, munaliphika kapena munalichapa?"

"Ndinangolichapa, Ambuje. Madzi ake anali ofunda pang'ono."

"Ofunda pang'ono," anabwereza akuseka. "Ili lapita, mwana wanga. Khalani pansi ndikuonetseni kuti linzakelo lisapitenso."

Anapisa dzanja m'thumba lam'kati n'kutulutsa kansalu kena kamene ine sindinakaonepo chaka chonsecho. Kanalembedwa kuti nsalu yakunja ndi wool wosakaniza ndi polyester pang'ono, ndipo yam'kati ndi polyester yekhayekha. Wool ndi ubweya wa nkhosa. Anandiuza kuti tsitsi lililonse la ubweyawo lili ndi timamba tosaoneka ndi maso, tosanjikizana ngati mamba a chambo. Madzi otentha ndi sopo waukali amatukula timambato, ndipo munthu akamafikisa, timakolana tokhatokha osamasukanso. N'chifukwa chake nsaluyo imafupika n'kukhuthala. Polyester safupika choncho, ndiye yam'kati ija inangotsala ikulendewera. Za matuza aja, anang'amba pang'ono msoko n'kundionetsa: kuseri kwa chifuwa cha jekete ndi kolala kumakhala nsalu ina yolimbitsa imene amaimata ndi guluu ku fakitale. Madzi otentha ndi kufinya zinamatula guluuyo malo ena, ndipo nsalu ziwirizo zinafupika mosiyana. M'mapewa namo muli timapilo timene tikanyowa n'kupotokola sitibwereranso m'malo mwake.

"Jekete ndi nyumba," anatero. "Muli njerwa, muli denga, muli pulasitala. Siketi ndi nsalu chabe. Musamazitenge ngati chinthu chimodzi."

Ine ndinkaganiza kuti ku dry cleaner amachapa ndi mphepo kapena ufa winawake, poti dzinalo likunena za kuuma. Ayi ndithu. Zovala amaziika m'makina odzaza ndi mankhwala amadzimadzi, kungoti si madzi. Odziwika kwambiri ndi otchedwa perchloroethylene. Mankhwalawa amasungunula mafuta ndi girisi koma satupitsa ulusi monga amachitira madzi, n'chifukwa chake chovala chimatuluka chili ndi msinkhu wake womwewo. Ambuje anati masiku ena ankaweruka mutu ukuwawa, akuyenda ngati aledzera, chifukwa cha fungo lake. Pambuyo pake ndinadzamva kuti IARC, nthambi ya bungwe la World Health Organization yofufuza za khansa, inaika mankhwalawa m'gulu la zinthu zimene zikuganiziridwa kwambiri kuti zimayambitsa khansa mwa anthu. Amene ali pachiopsezo chachikulu ndi ogwira ntchitowo, koma kuyambira pamenepo chovala chochokera kochapitsa ndimachivula pepala lapulasitiki n'kuchipachika panja tsiku lonse chisanalowe kuchipinda kumene timagona.

Koma mawu amene anandisintha maganizo ndi awa. Anandifunsa kuti, "Kodi jekete lanulo limada ndi chiyani? Mumakonza injini?" Ndinati ayi, ndi thukuta ndi fumbi basi. Anati ndiye kumeneko n'kutaya ndalama, chifukwa thukuta ndi madzi ndi mchere, ndipo mchere umasungunuka m'madzi, osati m'mankhwala aja. Ngakhale iwo ku Joni, malo a thukuta ankayamba awakonza ndi timadzi ndi nthunzi pamanja, chovala chisanalowe m'makina. Ndinakumbukira kuti ulendo wina jekete linabwera ku Blantyre losalala bwino koma m'khwapa muli kamzere koyera kaja. Fumbi nalo silifuna ulendo wa makilomita 190. Limafuna burashi.

Ndisanachoke ndinawafunsa za nzeru imene mnzanga wa kuntchito anandipatsa, yoti agogo ake ankachapa suti ndi petulo kapena parafini. Nkhope yawo inasintha, ndipo anaimitsa makina osokera.

"Muli ndi ana kunyumba? Muli ndi mbaula? Amayi, chonde, musadzayerekeze."

Mpweya wa petulo ndi wolemera kuposa mpweya umene timapuma, ndiye suuluka kupita kumwamba. Umakwawa pansi mpaka kukapeza khala la moto limene lili kutali ndi beseni, ndipo moto umabwerera ndi njira yomweyo kudzapeza munthu manja ali m'mafuta. Kuwonjezera apo umalowa m'mapapo ndi kuwotcha khungu. Palibe jekete limene mtengo wake ungafike pamenepo. Ndikulemba zimenezi chifukwa nzeru ya petuloyi ndaimvanso kwa anthu ena awiri chichokereni tsiku limenelo, ndipo onse ankainena motsimikiza.

Zimene ndimachita tsopano n'zosavuta, kungoti zimafuna kusatopa nazo. Ntchito yaikulu ndi yoti jekete lisade msanga. Sindilivalanso pa kabaza. Ndimalipinda chotembenuza, n'kuliika m'chikwama, ndipo ndimalivala ndikafika pakhomo la ofesi. Pa nthawi ya nkhomaliro limakhala pampando, osati pathupi. M'kati ndimavala bulauzi ya thonje ya manja, kuti thukuta lithere mmenemo. Ambuje anandisokera tizigamba ta nsalu ya thonje tokhala ngati mwezi wokhala kumene, timene ndimamangirira ndi mapini m'khwapa mwa jekete. Ndili nato tisanu ndi kamodzi, ndipo timeneto ndiye ndimachapa tsiku lililonse ndi sopo wamba. Ndikafika kunyumba ndimatulutsa zonse za m'matumba, ndimalipachika pakhonde pamthunzi pamene pakupita mphepo, ndipo likauma ndimalipukuta ndi burashi yofewa kuchokera m'mapewa kutsika m'munsi. Hang'ala ya waya imaboola mapewa, ndiye yanga ndinaikulunga ndi zidutswa za chitenje chakale mpaka inanenepa. Majekete awiriwo ndimasinthanitsa, lina likagwira ntchito lero mawa lipume.

Kamodzi pa mlungu ndimakonza malo amene ada okha, osanyika jekete lonse. Ndimatenga kansalu koyera ka thonje, madzi ozizira m'kapu, ndi dontho limodzi la shampu ya ana. Kansaluko kazikhala koyera chifukwa ka mtundu kangathe kusiya utoto wake, komanso koyera kamakuuzani ngati chovalacho chikusuluka. Poyamba ndinayesa kaye kuseri kwa mpendero, pamalo posaoneka, n'kudikira kuti paume. Ndimanyowetsa kansaluko pang'ono n'kumadinda pakolala, osapukuta uku ndi uku, kuyambira m'mphepete mwa banga kulowera pakati kuti lisafalikire. Kenako ndimadindanso ndi madzi okhaokha kuti sopo achoke, n'kumaliza ndi thawulo louma. M'khwapa ndimalitembenuza n'kugwira nsalu yam'kati yokha, ndi madzi osakaniza ndi viniga woyera, supuni imodzi ya viniga pa masupuni atatu a madzi. Fungo la viniga limatha likauma, ndipo limapita ndi la thukuta lomwe.

Tsiku lina dontho la mafuta a mandasi linagwera pachifuwa penipeni. Kale ndikanathamangira madzi. Ndinangothirapo paudala wa ana wambiri, n'kulisiya usiku wonse, m'mawa n'kupukuta ndi burashi. Ndinabwereza kawiri ndipo banga linatha. Ufa woyera wosalala umagwiranso ntchito yomweyo, chifukwa umamwa mafutawo. Inki ya chidindo ndiye ina. Imeneyo sindilimbana nayo, ndipo sindiisita, chifukwa kutentha kumakhomerera banga mu ulusi.

Masiketi ndimachapa m'madzi, ngakhale nawonso analembedwa mawu atatu aja. Ndinayamba ndi imodzi, nditaiyeza ndi tepi m'litali ndi m'chiuno, kuti ndidziwe ngati yafupika. Madzi azikhala ozizira, otungidwa m'mawa, chifukwa kuno madzi a m'chigubu chimene chakhala padzuwa amakhala ngati otereka. Ndimasungunula kaye shampu pang'ono m'madzimo, ndimaitembenuza siketiyo, n'kumaikanikiza pang'onopang'ono ndi zikhatho kwa mphindi zitatu kapena zisanu. Kufikisa ayi, kupotokola ayi, Jik ndiye asayandikire n'komwe chifukwa amadya ubweya. Ndimatsukuluza kawiri m'madzi ozizira chimodzimodzi, ndimaiyala pa thawulo, n'kukulunga ngati mkeka ndi kukanikiza kuti thawulo limwe madzi. Kenako ndimaiyala patebulo pamthunzi. Dzinja ndimakinga madzi a mvula chifukwa a pa mjigo wa kwathu ndi amchere pang'ono ndipo amasiya nsalu yakuda itatuwa. Kunyanja kapena ku Shire sindipita nazo. Mchenga umalowa mu ulusi, ndiponso kuima m'madzi osayenda a m'mabango n'kudziitanira likodzo.

Pansi kapena pa udzu sindiyanikapo chovala chilichonse. Kuno kunyanja kuli ntchentche zija zimene zimaikira mazira pa dothi ndi pa zovala zonyowa, makamaka zonunkha thukuta kapena mkodzo, ndipo mphutsi zake zimalowa pakhungu n'kutupitsa ngati chithupsa. Kutentha kwa simbi kumapha mazirawo, choncho kusita si kudzikongoletsa kokha.

Kusitako ndiye kunanditengera nthawi kuti ndikuzolowere. Simbi isamakhudze wool mwachindunji. Pakati pazikhala nsalu yoyera ya thonje yonyowa pang'ono. Ine ndinang'amba pilokesi yakale. Simbi imaikidwa, n'kunyamulidwa, n'kuikidwanso patsogolo, osaikhwekhwereza. Pa simbi yamagetsi, madontho awiri ndiwo a wool, kutentha kwa madigiri 150. Dontho limodzi ndi 110, la nsalu zosachedwa kupsa monga yam'kati ija. Atatu ndi 200, a thonje. Simbi ya makala ilibe madontho, ndiye ndimayamba ndauzira phulusa panja, ndimaipukuta kunsi, n'kuiyesa pa sanza yoyera. Ikasiya chikasu ndiye kuti yapsa kwambiri, ndimaidikira. Kakhala kamodzi kothothoka pa tiziboo take kangaboole jekete, choncho ndimasita makala atayaka bwino, atasiya kuthetheka. M'manja mwa jekete ndimalowetsamo thawulo lokulunga kuti pasakhale mzere. Pachifuwa, pamene pali guluu paja, ndimangodutsapo mopepuka ndi nsalu yosanyowa kwambiri.

Tsopano pa kaunjika sindigula chovala ndisanawerenge kansalu kake, ndipo ogulitsa amandiseka. Kabeseni kojambulidwa dzanja kakutanthauza kuchapa pamanja. Kabeseni kodulidwa ndi mtanda kakuti madzi ayi. Kabwalo kozungulira ndi ka ochapa aja: chilembo P kapena F m'kati mwake chimawauza mankhwala oti agwiritse ntchito, ndipo W ndi kuchapa kwawo kwa madzi kwa makina apadera. Ndaona kuti mathalauza ndi masiketi ambiri a polyester amapirira madzi ozizira bwinobwino, kaya alembedwa zotani. Viscose ndimamuopa, chifukwa akanyowa amafooka ndipo amatha kufupika. Zachikopa, za veleveti, za mikanda yomata ndi siketi za mapinda ang'onoang'ono, zimenezo si za beseni.

Sindinganame kuti ku dry cleaner ndinasiyiratu. Jekete lililonse limapitabe kawiri pa chaka, kamodzi kutentha kukatha, kenanso chapakati pa chaka, m'malo mwa mwezi ndi mwezi monga kale. Suti ya bambo a kunyumba, imene ndimaipukuta ndi kuisita Lachisanu dzuwa lisanalowe, imapita kamodzi. Mzere uja unabwerera mu kope la bajeti, koma ndi waung'ono moti sutikanganitsanso. Dzinja ndimaonetsetsa kuti chovala chauma ndithu chisanalowe m'kabati, apo ayi chimachita nguwi, ndipo ndimachiphimba ndi chitenje chakale m'malo mwa pulasitiki imene imasunga chinyezi. Njenjete zimakonda ubweya umene uli ndi thukuta, ndiye chosavalidwa kawirikawiri chizisungidwa chili choyera. Timibulu toyera tonunkha tothamangitsira njenjete tija ndinatichotsa m'nyumba, chifukwa mwana angatiyese maswiti, ndipo ndi poizoni.

Jekete lophikidwa lija Ambuje anakana kulitaya. Anachotsa timapilo ta m'mapewa, anadula nsalu yolendewera ija, n'kundibwezera. Anati ubweya wokolana choncho sulowa mphepo. Ndinapatsa mwana wa achemwali anga amene amapita ndi anzake kukapha usipa usiku cha ku Malindi, ndipo poti ndi wochepa thupi, manja ofupika aja anamukwana ndendende. M'mwezi wa Julayi, mwera uli pakati, ndinamuona m'mawa wina akutsika m'bwato, jekete la ofesi lili pathupi, kabudula wong'ambika m'munsi, mamba a nsomba ali mbuu pachifuwa pomwe ndinkapachika baji ya dzina langa. Anzake akuti amamutchula kuti Bwana Manijala.